Circle of Friends: Binchy anawakonda masisitere, Nan anamusiya yekha

Anthu ambiri amene ndimacheza nawo za mabuku amamuika Maeve Binchy m'gulu la olemba nkhani zachikondi zongotayira nthawi, zija umawerenga podikira kuti magetsi ayake. Ine ndimatsutsa. Buku lake la Circle of Friends, lomwe linatuluka mu 1990, limadziwa bwino mmene ndalama, dzina la banja ndi tchalitchi zimamusankhira munthu womanga naye banja. Koma lilinso ndi malo amodzi pomwe limatsinzina dala, ndipo ndi pamenepo pomwe ndikufuna tiime pang'ono. Ndikuchenjezeretu: mathero ndiulula.

Nkhaniyi imayamba mu 1949 m'katauni kongopeka ka Knockglen ku Ireland. Benny Hogan ndi mwana mmodzi yekha wa bambo wogulitsa zovala za amuna, mtsikana wathupi, woseketsa, amene makolo ake amamukonda mpaka kumutsekereza mpweya. Mnzake wa pamtima ndi Eve Malone, mwana wamasiye woleredwa ndi masisitere. Mu 1957 awiriwa amakapezeka ku University College Dublin, komwe amakumana ndi Nan Mahon, chiphadzuwa chochokera m'nyumba ya bambo chidakwa, ndi Jack Foley, mwana wa dokotala, katswiri wa rugby amene mtsikana aliyense amamufuna. Jack amasankha Benny. Chokhumudwitsa n'chakuti Benny amayenera kukwera basi yobwerera kwawo madzulo aliwonse, pomwe anzake akutsala m'tauni kukavina.

Mpaka apa ungati ndi nkhani wamba ya pa koleji. Koma taonani mmene Eve anakhalira wamasiye. Mayi ake anali a kubanja la Westward, Apulotesitanti eni minda, mtundu uja umene unkalamulira Ireland mu nthawi ya Angerezi. Anakwatiwa ndi Mkatolika wosamalira dimba, banja linawakana, ndipo makolo onse awiri atamwalira, a Westward sanafune n'komwe kumutenga mwanayo. Binchy sanakokomeze apa. Chaka chomwecho cha 1957, m'mudzi weniweni wa Fethard-on-Sea ku Wexford, Akatolika ananyanyala kugula m'masitolo a Apulotesitanti chifukwa mayi wina wa Chipulotesitanti, wokwatiwa ndi Mkatolika, anakana kutumiza ana ake kusukulu ya Chikatolika. Ngakhale yunivesite yomwe ana athuwa akuphunzira ili ndi mbiri yake: mabishopu ankaletsa Akatolika kupita ku Trinity College, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1970. Binchy sakuimitsa nkhani kuti akuphunzitseni mbiri. Amangokuonetsani Eve akupita kwa msuweni wake Simon Westward kukapempha fizi, mtima uli wowawa, ndipo mbiri yonse ya dzikolo mumaimva m'chipinda chimenecho.

Simon yemweyo ndi chithunzi chabwino cha anthu a mtundu wake dziko litadziimira palokha mu 1922. Nyumba yaikulu ilipo, dzina lilipo, ndalama zinatha kalekale. Akufuna mkazi wolemera. Nan sakudziwa zimenezi. Iye akuona khomo lotulukira m'nyumba ya bambo ake, ndipo wakonzekera moyo wake wonse, kayankhulidwe, kavalidwe, kadyedwe, kuti khomo limenelo likadzatseguka adzalowe. Amagona ndi Simon m'kanyumba ka Eve mwakabisira. Atatenga mimba, Simon amamupatsa ndalama kuti athane nayo mwakachetechete. Nan amatembenukira kwa Jack, chibwenzi cha mnzake, amagona naye, kenako n'kumuuza kuti mimbayo ndi yake.

Chikhulupiriro m'bukuli chimagwira ntchito ngati mpweya, aliyense akuupuma. Benny amamukonda Jack ndi thupi lake lonse, koma sagona naye, chifukwa kwa iye tchimo ndi chinthu chenicheni chomwe adzayenera kukachinena kwa wansembe pokalapa. Ndimamuyamikira Binchy kuti sanamuseke Benny pa zimenezi. Olemba ambiri a masiku ano akanamusandutsa chitsiru chodikira kumasulidwa. Apa ndi mtsikana wanzeru amene akulimbana ndi zinthu ziwiri zomwe zonse amazikhulupirira. Jack naye akauzidwa za mimba, safunsa zambiri, amavomera ukwati, chifukwa mnyamata wa Chikatolika wa banja labwino amatero. Masisitere nawo si onse ofanana. Mother Francis ndi mayi weniweni kwa Eve, amamumenyera nkhondo, amamusamalirira kanyumba ka makolo ake kwa zaka zambiri. Mother Clare wa ku Dublin amamuona mwana yemweyo ngati wantchito waulere.

Tsopano nali vuto langa. Bukuli limamuweruza Nan popanda kutionetsa bwinobwino chomwe ankathawa. Mu Ireland wa 1957, kugulitsa njira zolera kunali koletsedwa ndi lamulo la 1935. Kuthetsa banja kunali koletsedwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1937, ndipo kunaloledwa pambuyo pa referendamu ya 1995. Mtsikana wosakwatiwa akatenga mimba, njira imodzi yodziwika inali yopita kunyumba za amayi ndi ana zoyendetsedwa ndi masisitere, komwe ambiri ankalandidwa ana awo. Ena ankathera m'malo ochapira zovala otchedwa Magdalene, kugwira ntchito yosalipidwa, ndipo omaliza mwa malo amenewa anatsekedwa mu 1996, zaka zisanu ndi chimodzi bukuli litatuluka. Ku Tuam, nyumba ya masisitere a Bon Secours inagwira ntchito kuyambira 1925 mpaka 1961, ndipo wofufuza mbiri Catherine Corless anapeza zikalata za imfa za ana 796 popanda zolemba za komwe anaikidwa. Lipoti la boma la mu January 2021 linanena kuti ana pafupifupi 9,000 anamwalira m'nyumba 18 zomwe zinafufuzidwa.

Zimenezi ndi zomwe zinali kumbuyo kwa Nan tsiku lomwe Simon anamukana. Zomwe anamuchita Benny n'zoipa, palibe zokometsera. Koma mwamuna amene anamupatsa mimba amangotulutsa ndalama n'kubwerera m'nyumba yake yaikulu, Jack amene anagona ndi mnzake wa chibwenzi chake amaoneka ngati mwana wonyengedwa, ndipo mkwiyo wonse wa owerenga umagwera mtsikana. Kenako Nan amapita padera. Kunena zoona, kupita padera kumeneku kumandinyansa monga wowerenga, chifukwa ndi njira yachidule ya wolemba. Mwana akanabadwa, bukuli likanakakamizika kuyankha funso lovuta: Knockglen ndi Dublin, ndi ma Mother Francis awo onse, akanamuchita chiyani mwana ameneyu ndi mayi wake? Binchy anachotsa mwanayo, funso nalo linachoka.

Wina anganene kuti mu 1990 zambiri zinali zisanaululike. N'zoona kuti malipoti anabwera pambuyo, ndipo nduna yaikulu Enda Kenny anapepesa kwa amayi a ku Magdalene mu 2013. Koma nyumbazo zinali m'matauni, makoma ake ankaoneka, mabanja ndi amene ankaperekeza ana awo pakhomo. Edna O'Brien analemba za atsikana, thupi ndi tchalitchi mosabisa mu The Country Girls, ndipo boma linaletsa bukulo mu 1960. Claire Keegan mu Small Things Like These, la mu 2021, anaika wogulitsa malasha wa ku New Ross amene amapeza mtsikana atatsekeredwa m'shedi ya masisitere mu 1985, tauni yonse ikudziwa koma ili chete chifukwa masisitere omwewo ndi eni sukulu yabwino. Binchy, mtolankhani wa The Irish Times amene ananenapo poyera kuti chikhulupiriro chinamuthera ali mtsikana, sanali munthu wosadziwa. Anasankha kulemba buku lotonthoza.

Kwa ife owerenga ku Malawi, Mother Francis ndi wosavuta kumukhulupirira. Amishonale a ku Ireland timawadziwa kudzera m'masukulu ndi zipatala, ndiponso timakumbukira kuti Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno mu 1992 chifukwa cha kalata ya mabishopu yodzudzula boma la Kamuzu. Kuno mpingo unaima moyang'anizana ndi boma. Ku Ireland wa Benny mpingo unali ndi dzanja pa sukulu, chipatala ndi lamulo lomwe. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo buku labwino liyenera kunyamula zonse.

Pomwe Binchy amandibwezera mtima ndi kumathero. Jack amabwerera, womasuka, akuyembekeza kulandiridwa. Benny samutenganso. Amamuona mmene alili, mnyamata wokongola wosazolowera kudikira, ndipo amamusiya akhale mmodzi chabe mwa anzake. Filimu ya 1995, ija ya Minnie Driver ndi Chris O'Donnell, inasintha zimenezi n'kuwabwezeretsa pamodzi, ndipo potero inataya chinthu chanzeru kwambiri m'buku lonse. Ngati munaonera filimu yokha, nkhaniyi simunaimalize.

Ndiye liwerengeni, n'lokoma, masamba ake ngakhale ndi ambiri amayenda msanga. Koma mukafika pa Nan, musathamangire kumutukwana pa gulu lanu la WhatsApp. Ikani kabuku ka Keegan pambali pake, kamene mungakamalize madzulo amodzi, ndipo mukatha konse mudzandiuze ngati mukumuonabe Simon Westward ngati munthu amene anangolakwitsa pang'ono.