Mpweya wa Draper ndi Kell pa Mbale za Galamafoni

Woliza clarinet Richard Mühlfeld, amene wopeka nyimbo Brahms anamupekera nyimbo ya clarinet ndi zoimbira zinayi za zingwe mu 1891, anamwalira mu 1907 osasiya mbale ngakhale imodzi. N'chifukwa chake mbale zakale za galamafoni n'zamtengo wapatali: ndi zimene zimatifikitsa pafupi ndi kaimbidwe ka nthawi imeneyo.

Mu 1928, Charles Draper, woliza clarinet wa ku England, anajambula nyimboyi ndi gulu la Léner Quartet. Apa n'kuti patangotha zaka zitatu chiyambire kujambula ndi maikolofoni. Poyamba oimba ankaunjikana pakamwa pa chilipenga chachikulu, singano n'kumakanda mawuwo pa phula. Ngakhale maikolofoni itabwera, mbali imodzi ya mbale inkangotenga mphindi zinayi ndi kanthu. Kudula pamene walakwitsa kunalibe. Ukaphonya, unkayambiranso mbali yonse.

Mbalezi zimachita phokoso la waaa ngati mvula padenga la malata, koma khutu silichedwa kuzolowera. Kuseri kwa phokosolo Draper amamveka ndi mawu onenepa, ofunda, osathamanga.

Ine mtima wanga uli pa Reginald Kell, amene anajambula nyimbo yomweyi ndi Busch Quartet mu 1937. Iyeyu ankanjenjemeretsa mawu pang'ono, zimene oliza clarinet ambiri a nthawiyo ankazipewa. Mu gawo lachiwiri la nyimboyi, lomwe ndi lodekha, amachedwetsa dala kamphindi, anzake anayi n'kumudikira, kenaka onse n'kutsetsereka pamodzi. Ena amati ankanyanya. Komatu Kell atasamukira ku America mu 1948, Benny Goodman, katswiri kale wa jazi, anapita kukaphunzira kwa iye.