Mona Lisa wa mu belo

Anzanga a m'gulu lino, mukamadutsa ku kaunjika mumsika wa Ndirande muziyang'anitsitsa matisheti. Pakati pa a mpira ndi a zilembo zachizungu mupezamo ena a mayi wopanda nsidze, atasanjikiza manja. Makasitomala ena amandifunsa ngati ndi Mariya Virigo. Ayi ndithu. Ameneyo ndi Lisa Gherardini, mkazi wa Francesco del Giocondo, wogulitsa nsalu za silika ku Florence. Tingoti mkazi wa mnzathu wa geni ya nsalu. Leonardo da Vinci anayamba kumujambula cha m'ma 1503, pa kathabwa ka masentimita 77 ndi 53 basi. Mbiri yake inafalikira kwambiri Vincenzo Peruggia ataba chithunzichi ku Louvre, mumzinda wa Paris, mu 1911, n'kudzapezeka mu 1913.

Ine ndikuti pa nsalu chithunzi chimenechi chimafa. Luso la Leonardo lili m'mbali mwa milomo ndi maso, momwe anapaka penti yopyapyala kambirimbiri mpaka malire osaoneka, kungokhala ngati utsi. N'chifukwa chake sudziwa ngati mayiyo akumwetulira kapena ayi. Makina osindikizira otchipa amaika mzere pomwe panali utsi, ndiye mukachapa katatu nkhope ija imang'aluka ngati dothi la dambo mu Okutobala. Chotsala ndi dzina lokha.

Koma The Starry Night ya Vincent van Gogh, ya mu 1889, nsalu imaikonda. Anaijambula ali m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy, ndi mizere yonenepa ya buluu ndi yachikasu, yozungulira ngati kamvuluvulu. Mizere yotere siiopa sopo, ndipo diresi likamagwedezeka thambolo limayendanso. Ndi chitenje chachibadwire. Choncho pogula musatengeke ndi kutchuka kwa wojambula, onani ngati luso lake lapulumuka pa nsalupo.

Muyeso womwewu tiuyese kwathu kuno. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006. Zoyera zambiri n'zachinamwali ndi Nyau, zimenezo tiyambe tafunsa anamkungwi ndi eni dambwe. Koma zofiira za Akafula, zamizere ndi zozungulirazungulira, ndi zomwe nsalu imafuna. Inu osindikiza zitenje ndi matelala, mukudikira kuti nazonso zidzatipeze mu belo?