Mnyamata wa ku Neno Amene Sitinamuone

Nthano yaifupi imene mnzathu anawerenga pa msonkhano wathu wapitawu inatiseketsa tonse. Ndinaseka nawo, koma nditafika kuchipinda ndinachita manyazi.

Nthanoyo ikukamba za mnyamata wa ku Neno amene wasankhidwa kukaphunzira pa koleji ya ku Chichiri, ija tinkaitcha Polytechnic isanasanduke MUBAS mu 2021. Atafika mu Blantyre akuyasama poona magetsi, akuthawa galimoto, anzake a m'tauni nkumamuseka. Chichewa chake nchothyakuka, makamaka pa mkangano wa m'kalasi uja. Apo mlembi ndamuvulira chipewa.

Koma kodi mlembiyu anapondako ku Neno? Magetsi amene mnyamatayo akuzizwa nawo amapangidwa ku Nkula, m'malire mwa boma la kwawo, kuyambira 1966. Malole amadutsa pa Zalewa usana ndi usiku. Chingamudabwitse nchiyani?

Nkhani yeniyeni mlembi waidumpha. M'ndime yachitatu akutchula mothamanga kuti mai a mnyamatayo anagulitsa matumba a kachewere kuti apeze fizi, basi nkubwerera ku nthabwala. Pamenepo mpomwe tikanaima. Mbatatayo inatsika bwanji m'mapiri muja, mvula itaononga mseu? Mnyamatayo atasowa malo kuhositelo, lendi ya kachipinda ku Chitawira analipira ndani? Ambirife tikudziwa kulemba mayeso m'mimba muli pululu.

Mnzanga, lembanso nthanoyi. Mkanganowo uusunge, koma uyambire pa matumba aja.