Dzuŵa, Madzi ndi Mau: Kuunika Chicheŵa cha Atolankhani pa Nkhani za Magetsi

Ndifuna kuunika Chicheŵa chimene nyuzipepala ndi mawailesi a m'Malaŵi amagwiritsa ntchito pofotokoza za magetsi ochokera ku dzuŵa ndi ku madzi. Nkhani imeneyi inayamba kumveka kwambiri m'chaka cha 2021, pamene malo opangira magetsi a dzuŵa okwana mamegawati 60 anatsegulidwa ku Salima, ndipo inakula mu Januwale 2022, pamene namondwe wotchedwa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 nthaŵi imodzi. Chaka chomwecho malo ena a mamegawati 20 anayamba kugwira ntchito ku Golomoti. Mtolankhani wolemba m'Chicheŵa, kaya wa Boma Lathu, Tamvani, Tikambe kapena wa pa wailesi, anasenzetsedwa udindo wofotokoza zinthu zimene zinalibe mau okhazikika m'chinenero chake.

Ndiyambe ndi zimene zinayenda bwino, zimene zambiri mwa izo sizinachokere kwa atolankhani koma kwa eni chinenero. Liu loti magetsi ndi lobwereka, ndipo anzathu a kumwera alizindikira msanga, pakuti ndi mbale wa ugesi wa Chizulu ndi magetsi wa Chishona, onse ochokera ku liu la Chingerezi loti gas. Linaloŵa m'gulu la maina la 6 ndipo linakhazikika kotero kuti palibe amaliyesa mlendo. Pamene magetsi anayamba kugaŵidwa mosinthanasinthana, anthu sanadikire komiti: anati kuthimathima kwa magetsi. Kubwereza tsinde kumeneku kumanena zinthu ziŵiri pamodzi, kuti chinthucho chikuchitika kaŵirikaŵiri, ndiponso kuti wonenayo watopa nacho. Mau a akatswiri a Chingerezi sanyamula dandaulo lotere. Atolankhani anachita bwino kulitola liuli pamsika.

Vuto limayamba ndi liu loti mphamvu. Liu limodzili limatumikira nyonga za m'thupi, ulamuliro wa mfumu, ukali wa mankhwala, ndiponso zinthu ziŵiri zimene sayansi imazisiyanitsa mosamala: kuchuluka kwa magetsi amene makina angatulutse pa kamphindi, ndi kuchuluka kwa magetsi amene atuluka kapena asungidwa pa maola akutiakuti. Choyamba chili ngati kukula kwa mpopi, chachiŵiri chili ngati madzi amene adzaza m'ndowa. Chiswahili chinapeza njira posiya nguvu pa ntchito zake zakale nkukhazikitsa nishati pa za sayansi. Ife tidakali ndi liu limodzi, ndipo zotsatira zake zimaoneka. Woŵerenga akauzidwa kuti ku Salima kuli mphamvu ya mamegawati 60, amayembekeza kuti madzulo nyumba yake iŵala, osadziŵa kuti chiŵerengerocho ndi cha masana dzuŵa lili paliwombo, pamene magetsi amafunika kwambiri dzuŵa litaloŵa. Chimene chinapatsa Golomoti mbiri ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi a masana, koma mfundo imeneyi siingamveke kwa munthu amene sanauzidwe kusiyana kwa mpopi ndi ndowa. Akathimitsidwa magetsi usiku, iye amangoti boma linanama.

Mau oti mphamvu ya dzuŵa alinso ndi msampha wake. Mcheŵa akamva za mphamvu ya dzuŵa amaganiza za kutentha, kumene kumaumitsa mphale ndi kufotetsa chimanga. Koma sola imagwira ntchito ndi kuŵala, ndipo ikatentha kwambiri imatulutsa magetsi ocheperapo. Chicheŵa chili ndi aneni onse aŵiri, kuŵala ndi kutentha, osiyana bwino lomwe. Palibe chosoŵa m'chinenero, chosoŵa ndi chidwi cha wolemba. Mayi amene wagulitsa mtedza wake nkugula kasola pamsika akadauzidwa kuti chimadya kuŵala, akadadziŵa yekha chifukwa chopukutira fumbi la mwezi wa Okutobala ndi chochotsera nthambi ya mango imene ikuchita mthunzi padenga. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti nyumba zoposa theka zinkaunikira ndi matochi ndi nyali za mabatire, ndipo zolumikizidwa ku mawaya zinangoposa pang'ono imodzi mwa khumi zilizonse. Ameneŵa ndiwo eni nkhaniyi.

Ndifike tsopano pa liu limene latisautsa tonse m'chigawo chino, loti renewable. M'zolembedwa zambiri, makamaka za pa intaneti, mukupezeka mau oti mphamvu zongowonjezedwanso. Ndikukayika ngati pali Mcheŵa amene anawayankhulapo pakamwa. Kachidutswa ka -ngo- kamachepetsa chinthu, ndipo kuonjezedwa kumafuna wina woonjezayo. Womvera amaona ngati akunena za ndiwo zoonjezera m'mbale. Ena amati mphamvu zosatha. Mau aŵa ndi okoma m'khutu, koma amanunkha za kutchalitchi, kumene wosatha ndi moyo wokha, ndiponso amalonjeza zimene chilengedwe sichilonjeza. Anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe ndi mboni: chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a Kariba kotero kuti mu Lusaka magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse. Madzi amabwereranso mvula ikagwa, koma amatha. Ine ndikadakonda mau oti mphamvu zodzibwezeretsa, pakuti -dzi- amaonetsa kuti chinthucho chimabwerera pachokha monga kasupe, mosiyana ndi malasha a ku Mchenga kapena dizilo, zimene zikapsa zapita. Ndikuvomereza kuti ndi lalitali, ndipo wolemba mitu ya nkhani adzandida nalo.

Kusoŵa kwa liu lokhazikika kwabala cholakwa china chachikulu. Nkhani zathu zimaonetsa magetsi otere ngati chinthu chachilendo chimene chabwera ndi azungu a mabungwe dzulodzuloli, chonsecho Malaŵi wakhala akudalira madzi a mtsinje wa Shire kuyambira pamene Nkula anatsegulidwa mu 1966, Tedzani mu 1973, ndi Kapichira mu 2000. Popanda dzina limodzi lokuta madzi, dzuŵa ndi mphepo, woŵerenga saona kuti Nkula ndi Salima ndi ana a mimba imodzi. Saonanso chingwe chimene chimamanga thumba la makala pa njinga ndi mdima wa m'tauni: mitengo ikatha m'mapiri, dothi limakokolokera mu Shire, matope ndi namasupuni nkumatseka makina. Ndipo kasola ka padenga kamayatsa babu ndi kutchaja foni, koma sikaphika nsima. Chifukwa chake nkhani ya mbaula ya chitetezo ndi nkhani yomweyi, ngakhale imaikidwa pa tsamba lina.

Za mau oti luso lobiriŵira ndi mphamvu zaukhondo sindichedwapo. Chimabiriŵira ndi chimanga cha mu Januwale, ndipo ukhondo ndi wa kusamba m'manja. Wolemba akati magetsi osatulutsa utsi, aliyense amamva.

Kodi cholakwa ndi cha atolankhani okha? Iyai. Nkhani zambiri zimafika m'Chingerezi, zolembedwa ndi nthambi za boma kapena makampani, ndipo womasulira amapatsidwa maola ochepa. Komanso alibe kothaŵira. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linathetsedwa mu 1995, ndipo Centre for Language Studies imene inatenga malo ake mu 1996 ili ndi zinenero zonse za dziko pamutu. Mtanthauziramawu wa Chinyanja unatuluka mu 2000, sola isanafike pa madenga a kumudzi. Pempho langa ku msonkhano uno ndi loti anzathu a Chinyanja a ku Chipata ndi ku Tete akhale nafe pansi, pamodzi ndi amisiri oika masola ndi akonzi a nkhani, kuti tiyambe talemba mau amene ogula ndi ogulitsa akunena kale m'misika, tisanapeke athu. Ngakhale funso laling'ono loti tinene batire langa kapena batire yanga silinayankhidwebe, ndipo onse aŵiri akumveka mu msika wa Limbe.