Mzere Umene Umateteza Amalinyero

Amalinyero salankhula mwachisawawa. Akati starboard, akunena mbali ya kumanja kwa munthu amene wayang'ana kutsogolo kwa sitima, ndipo dzinalo silisintha ngakhale munthuyo atatembenuka. Port ndi kumanzere. Usiku kumanja kumayaka nyale yobiriwira, kumanzere yofiira. Malamulo a panyanja a 1972 amati sitima ziwiri za injini zikamapingasana njira, imene ikuona inzake kumanja kwake ndiyo ipatuke.

Koma chogometsa kwambiri chili pathupi pa sitimayo, pafupi ndi madzi: kachizindikiro kozungulira, kodulidwa pakati ndi mzere wopingasa. Umenewu ndi mzere wa Plimsoll. Madzi akaumiza, ndiye kuti katundu wapyola muyezo, ndipo sitimayo siyenera kuchoka padoko.

Samuel Plimsoll, phungu wa Derby ku Britain, anamenyera nkhondo chizindikirochi ataona eni sitima ena akudzaza katundu m'zombo zofumbwa, podziwa kuti zikamira inshuwalansi iwalipira. Ofera m'madzi anali amalinyero osauka. Lamulo linadutsa mu 1876, ndipo mgwirizano wa mayiko wa 1966 ndiwo ukugwira ntchito lero.

Pambali pa chizindikirocho pali timizere tokhala ngati makwerero, tili ndi zilembo. S ndi muyezo wa chilimwe, W wa nyengo yozizira, WNA wa mafunde aukali a kumpoto kwa Atlantic. F ndi wa madzi opanda mchere, poti m'menemo sitima imatitimira kwambiri kusiyana ndi m'madzi amchere. Penti pang'ono chabe, koma woyang'anira doko amawerenga zonsezi asanakwere n'komwe.