Nkhani za pa doko: zimene madalaivala amakumbukira za pontuni, ndi zimene amasiya

Mu Ogasiti chaka chatha ndinapita ku Chama kukaika a malume anga, omwe anayendetsa malole kwa zaka zambiri asanapume n'kubwerera kumudzi kukalima mpunga. Usiku wa pa maliro, azimayi akuimba m'nyumba ya siwa, ife amuna tinazungulira moto panja monga mwa mwambo. Pakati pathu panali akuluakulu atatu omwe anayendapo misewu imodzi ndi malemuwo. Za imfa sanalankhule zambiri. Kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka tambala woyamba ankasimba za pontuni, za mmene ankawolotsera lole yodzaza katundu pa Zambezi, pa Luapula ndi pa Kafue.

Ine ndimaphunzitsa Chinyanja pa sekondale ina ku Chipata, ndipo chaka ndi chaka ndimauza ana kuti luso lathu la pakamwa ndi nthano, miyambi, zilapi ndi nyimbo. Usiku umenewo ndinaona kuti mndandanda wangawo ngoperewera. Nkhani za madalaivalawa zili ndi kamangidwe kake, chilankhulo chake ndi malamulo ake. Choncho ziyenera kuweruzidwa monga timaweruzira buku: kuyamika pamene zakoma, ndi kunena mosapsatira pamene zaperewera.

Kwa owerenga amene anakula maulalo atamangidwa kale, pontuni ndi chibwato chachikulu chophwatalala chimene galimoto imakwerapo kuti iwoloke mtsinje. Ina imayenda ndi injini, ina imakokedwa ndi anthu pogwira chingwe cha waya chomangidwa tsidya ndi tsidya. M'boma la Chama muli ya mtundu wachiwiriwu, pa Luangwa, m'dera la Mfumu Chifunda, polowera ku North Luangwa National Park. Imeneyo imanyamula galimoto yaing'ono imodzi pa ulendo, ndipo imagwira ntchito m'chilimwe mokha. Lole ya matani 30 singayerekeze n'komwe kupondapo. N'chifukwa chake madalaivala a ku Chama akamakumbukira pontuni amatchula madoko akutali kumene ntchito inkawatuma: Kazungula, Chembe, Chiawa, ngakhalenso Caia ku Mozambique.

Madoko onsewa lero ali ndi maulalo. Wa pa Chembe, wotchedwa Levy Mwanawasa, unatsegulidwa mu 2008. Wa pa Caia mu 2009. Wa pa Chiawa mu 2014. Ndipo wa pa Kazungula, wotalika mamita 923, pa 10 Meyi 2021. Zimene akuluakulu aja ankasimba, ndiye kuti, ndi za ntchito imene inatha. Amene anaiona ndi maso akucheperachepera.

Choyamba chimene ndinaona n'chakuti nkhani ya pontuni sikhala ya kuwoloka kwenikweniko. Pa Kazungula mtsinje ngotambalala mamita pafupifupi 400 okha, ndipo kuwoloka kunkatenga mphindi zowerengeka. Chimene chimadzaza nkhani ndi kudikira. Mmodzi wa atatuwo, wovala chipewa chaubweya, anasimba za masiku 9 amene anakhala pamzere wa mathiraki pa Kazungula. Sanawerenge masikuwo ndi manambala. Anawawerenga ndi zinthu zimene zinkatha: tsiku limene shuga anatha, tsiku limene sopo anatha, tsiku limene anagulitsa dizilo pang'ono kuti agule ufa, tsiku limene iye ndi dalaivala wa ku Tanzania anayamba kudyera mbale imodzi chifukwa mmodzi anali ndi ufa, winayo nyemba. Pofika tsiku lomaliza ife omvera tinali titatopa naye limodzi. Kuwolokako anakusimba m'ziganizo zitatu basi.

Limeneli ndi luso, ndipo olemba athu ambiri alibe. Tikamalemba nkhani zazifupi timathamangira ngozi, imfa kapena chigololo, poopa kuti wowerenga agona. Mkuluyu anatisunga maso kwa theka la ola ndi nkhani imene simunachitike chilichonse chachikulu. Anadziwa kuti munthu amaoneka bwino khalidwe lake pamene alibe chochita koma kudikira, ndalama zikutha, bwana akutumiza mauthenga aukali.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Kumudzi kwa a malume anthu amalankhula Chisenga, koma nkhanizi zinkasimbidwa m'Chinyanja cha pamsewu, chosakaniza Chibemba, Chiswahili ndi Chingerezi cha m'garaja. Wosimba akafika pa mawu a munthu wina ankasintha lilime ndi mawu omwe: woyendetsa pontuni wa pa Chembe ankalankhula Chibemba cha ukali, msilikali wa pa msewu wa Pedicle wodutsa m'dziko la Congo ankalankhula Chiswahili chonyengerera. Pofika nthawi yokweza lole pa pontuni, ziganizo zinkafupika, mvekero n'kuchuluka: mabuleki tsaa, matayala akutsogolo pa chitsulo gu, pontuni gwedegwede, anthu onse zii. Wosimbayo ankatambasula manja ngati wagwira chiwongolero, phazi likufunafuna buleki m'phulusa la pamoto.

Apa ndinakumbukira malemu Julius Chongo, omwe pulogalamu yawo ya Poceza M'madzulo inkamveka pa wailesi ya Zambia kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1970. A Chongo ankasewera okha anthu onse a m'nkhani, ndipo mvekero ndiwo unali chida chawo chachikulu. Ernst Wendland anasonkhanitsa zina mwa nkhani zawo n'kuzisindikiza, ndipo n'chifukwa chake lero tingaziphunzire m'kalasi. Akuluakulu a pamoto aja ndi a m'badwo umene unakula ukumvera wailesi imeneyo. Sindikunena kuti anatengera a Chongo. Onse anamwa pa chitsime chimodzi, chomwe ndi nthano za pabwalo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nthano omvera amayankha kuti tili tonse, pamene m'nkhani za pontuni woyankha ndi dalaivala mnzake, amene amavomereza kapena kutsutsa: ayi bambo, chaka chimenecho pontuni yachiwiri inali itawonongeka. Wosimba saloledwa kunama za kulemera kwa katundu, za mtundu wa lole kapena za nyengo ya madzi. Akhoza kukokomeza kukula kwa ng'ona, koma osati matani.

Chachitatu, chimene chinandigwira mtima koposa, ndi mmene nkhanizi zimachitira ndi mantha. Mu 2003 thiraki yolemera mopitirira muyeso inagubuduza pontuni pa Kazungula ndipo anthu 18 anamira. Mnyamata wina pamotopo anafunsa za ngoziyo. Wamkulu pa onse atatu, yemwe usiku wonse analankhula pang'ono, anangoti iye anawolokapo chaka chomwecho, ndipo kuyambira pamenepo akamakweza lole pa pontuni ankavula nsapato n'kusiya chitseko chosatseka. Sanawonjeze kanthu. Wolemba wosakhwima akanadzaza tsamba ndi misozi, mapemphero ndi kugunda kwa mtima. Mkuluyu anatipatsa nsapato ndi chitseko, ife eni n'kumaliza tokha: munthu amene akukonzekera kusambira. Ndikanakhala ndi mphamvu yoika chiganizo chimodzi m'buku la ana a sukulu, ndikanaika chimenechi.

Koma kuyamika kokha si kuweruza. Nkhanizi zili ndi chilema chachikulu, ndipo chilemacho chili pa amene amasiyidwa kunja. M'nkhani iliyonse dalaivala ndiye mwini bwalo. Mnyamata wa pa lole, amene ankatsika kukaika chigogo kuseri kwa tayala pamene lole ikutsetserekera kumadzi, amangotchulidwa akalakwitsa. Anthu ogwira ntchito pa pontuni amaoneka ngati zopinga, ofuna kangachepe kuti akudumphitse mzere, osati ngati anthu amene ankagwira ntchito yoopsa tsiku ndi tsiku pa madzi omwewo amene dalaivala ankawoloka kamodzi pamwezi.

Osiyidwa kwambiri ndi azimayi. Doko lililonse linali ndi msika wake: ophika nsima, ogulitsa nsomba, ochapa zovala, obwereketsa zipinda. Popanda iwo masiku 9 aja sakanapiririka. Koma m'nkhani amangokhala amayi ena ake, opanda dzina, opanda kwawo, opanda mawu. Wa chipewa uja atanena mozungulira kuti pa doko lina anali ndi pofikira, amuna onse anaseka, nkhani n'kupitirira. Palibe anafunsa ngati panabadwa mwana, kapena chimene chinawachitikira mayiwo ulalo utamangidwa, mathiraki atasiya kuima. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anatenga anthu ambiri m'misewu ikuluikulu ndi m'malire. Akuluakulu aja anatchula mayina a madalaivala anzawo amene anapita, mmodzimmodzi, mwaulemu. Dzina la mayi ngakhale mmodzi silinamveke.

M'mawa mwake, titabwera kumanda, ndinakhala pang'ono ndi akazi a malume, amasiyewo, ndipo ndinawauza kuti usiku tinamva za maulendo a malemu. Anandiyang'ana n'kunena kuti iwo pontuni sanaionepo. Chimene ankadziwa n'chakuti bambo akati abwera Lachisanu, ufa unkayenera kufika Lachisanu la sabata yotsatira. Imeneyo ndi nkhani ya kudikira yomweyo, yosimbidwa kuchokera tsidya lina. Ndiyofupika, ilibe mvekero, ndipo palibe amaisimba pamoto.

Chilema chachiwiri chimachokera pa choyambachi. Pomaliza akuluakulu aja anagwirizana kuti ulalo unapha chibale. Ati madalaivala a masiku ano amadyera m'galimoto maso ali pa foni, sadziwana mayina, sadziwa kupempha mchere kwa mlendo. Muli choonadi m'mawu amenewa, ndipo ndikumvetsa chisoni cha munthu amene luso lake, lokweza matani 30 pa chitsulo choyandama, lero lilibe ntchito. Koma kulira pontuni uli ku Chama n'kovuta kukuvomereza. Anthu a kuno amadziwa mtengo wa kusawoloka. Mvula ikagwa, msewu wa ku Lundazi umavuta, mpunga ndi thonje zimadikira ogula, wodwala amadikira galimoto. Mu 2011 boma la Chama linachotsedwa ku chigawo cha Kum'mawa n'kuikidwa ku Muchinga, chikhalirecho likulu la chigawocho, Chinsali, lili tsidya lina la Luangwa. Msewu wa Chama–Matumbo ndi ulalo wake wa pa Luangwa zinabwera pa ndondomeko ya Link Zambia 8000 imene inakhazikitsidwa mu 2012, ndipo mu 2021 Chama inabwezeretsedwa Kum'mawa. Kwa mlimi wa kwa Kambombo kapena kwa Tembwe, mtsinje wopanda ulalo sunakhalepo nkhani yokoma ya pamoto. Dalaivala ankadikira pa malipiro, ngakhale ochepa; mwini katundu ankadikira pa ngongole.

Komanso kudikirako sikunathe, kunangosamuka. Aliyense amene wadutsa pa Nakonde kapena pa Kasumbalesa waona mizere ya mathiraki, mbaula pansi pa ngolo, zovala zoyanika pa magalasi. Nkhani zatsopano zikupangidwa kumeneko, zina zikutumizidwa pa WhatsApp ngati mauthenga a mawu. Akuluakulu akamati achinyamata alibe nkhani, mwina n'chifukwa chakuti sakhala nawo pa moto umodzi.

Nanga ife olemba ndi aphunzitsi titani? Mabuku athu a Chinyanja, kuyambira pa Nthondo wa Samuel Josia Ntara wa mu 1933, akhala akutsatira munthu wochoka kumudzi kupita kutauni kapena kumigodi n'kubwerera. Timadziwa mudzi, timadziwa tauni. Za munthu amene moyo wake wonse unali pakati, pa msewu ndi pa doko, talemba zochepa. Nkhani za pontuni zingatipatse zimenezo, pamodzi ndi phunziro la kasimbidwe: kuwerenga nthawi ndi zinthu zimene zikutha, kusintha lilime molingana ndi wolankhula, kusiya mantha pa nsapato zovula. Koma tikangozijambula mmene zilili n'kuzisindikiza ndi chithunzi cha dzuwa likulowa pa Zambezi, tidzakhala tasunga theka la nkhani n'kulitcha mbiri. Wolemba wabwino adzatenga luso la dalaivala n'kulipereka kwa wophika nsima, kwa wokoka chingwe ndi kwa mayi wopima ufa kumudzi.

Nditabwerera ku Chipata ndinapatsa ana a m'kalasi langa ntchito ya pa tchuthi: aliyense apeze munthu amene anayendetsapo lole, amupemphe chilolezo, ajambule mawu ake pa foni n'kuwalemba pa pepala mmene anawalankhulira, osakonza Chinyanja chake. Ndinaikapo lamulo limodzi: pa dalaivala aliyense, afunsenso munthu mmodzi amene ankamudikira kapena kumuphikira. Ena anabwera ndi masamba awiri, ena asanu ndi limodzi. Mtsikana wina anabwera ndi nkhani ya agogo ake aakazi amene ankagulitsa zitumbuwa pa doko, ndipo dalaivala analowamo m'ndime imodzi yokha, monga munthu amene anachoka ndi ngongole ya zitumbuwa zinayi.

Wamkulu uja wovula nsapato ali ndi zaka zoposa 70 ndipo maso ayamba kumuvuta. Ndinamulonjeza kuti mpunga ukakololedwa ndidzabwera ndi foni yodzaza moto. Ndidzayamba ndi iye, kenako ndidzapempha kucheza ndi akazi ake.