Chimbale cha Monk: nyama yatsalira pansi pa mphika

Chimbale chosonkhanitsa nyimbo zakale chili ngati ndiwo za paukwati, zimatengera amene wagwira chipande. Genius of Modern Music, Volume 1, cha katswiri wa piyano Thelonious Monk, nyama ilimo yambiri ndithu, koma pa CD imene kampani ya Blue Note inatulutsa mu 1989 wopakula wayambira msuzi.

Nyimbo zonse anazijambula ku New York masiku atatu a chaka cha 1947: pa 15 ndi 24 Okutobala, kenaka pa 21 Novembala. Monk anali atangokwanitsa zaka 30, ndipo kanali koyamba kujambula ngati mtsogoleri wa gulu. Mbale za nthawiyo zinkangolola mphindi ngati zitatu mbali imodzi, choncho panalibe zozungulirazungulira.

Vuto ndi ndondomeko. Okonza CD anatsata masiku ojambulira, ndiye khutu limayamba kukumana ndi tsiku loyamba, lomwe ndi lofooka. Oimba malipenga atatu akumveka ngati anthu oyenda m'munda wa eni usiku, mwendo uliwonse mokayika. "Evonce" ndi "Suburban Eyes" si nyimbo zopeka Monk n'komwe. Yopulumutsa tsikuli ndi "Thelonious", pomwe mkuluyu akukakamira liwu limodzi, kuligogoda mobwerezabwereza pamene zonse pansi pake zikusuntha.

Tsono dikirani za pa 24 Okutobala. Malipenga kulibe. Atsala atatu basi: Monk, Gene Ramey pa besi ndi Art Blakey pa ng'oma. Apa ndiye pamveka chimene anthu ankamunenera kuti sadziwa kuimba, ndi chifukwa chake ankanama. Mu "Ruby, My Dear" amamenya mawu oyandikana omwe mphunzitsi wa kwaya angakukwapulireni, koma akuwaika dala, pamalo pake, n'kusiya mpata kuti alire okha. Mu "Well, You Needn't" amakhala chete pomwe mukuyembekeza phokoso, ndipo Blakey amadziwa kuti bowolo si lofunika kulitseka lonse. Ng'oma yotere, abale, ndi ya munthu womvera.

Koma ngakhale pano okonza atisokoneza. Anatola zojambula zomwe zinasiyidwa kale n'kuzigundaniza ndi zenizeni, moti "Ruby, My Dear" ikangotha, iyambanso. Wophunzira piyano angakondwe kufananiza ziwirizo. Munthu wongofuna kumvera madzulo ataweruka, zimamutopetsa.

Nanga "'Round Midnight", nyimbo yake yodziwika koposa? Aiponya chakumapeto, wina atagona kale. Komanso kunena zoona, malipenga a pa 21 Novembala sakuithandiza kwambiri. Ndi piyano yokha imene ikuinyamula. "In Walked Bud", yomwe anapekera mnzake Bud Powell, ndiyo ikuyenda bwino tsiku limenelo.

Chiguleni, musachite kufunsa. Koma mukachiika m'makina, dumphani nyimbo zisanu zoyambirira, muyambire pa "Thelonious". Zinazo mudzazimva tsiku lina mukusita zovala.